Liwu la Bambo pa Batani Loyamba

Bambo anga anayamba kuphunzitsa kwaya pa tchalitchi chathu chaching'ono, kumtunda kwa Bembeke, ine ndisanabadwe. Kulemba nyimbo papepala sankadziwa. Zonse zinkakhala m'mutu mwawo, sopulano, alito, tenala ndi besi, ndipo pophunzitsa ankaimba okha chigawo chilichonse, cha amayi ndi cha abambo chomwe, kwinaku akumenya benchi ndi chikhatho. Anali ndi mwambo umodzi umene sanauphonyepo. Mwana wawo akamalowa m'banja ankamupekera nyimbo yakeyake, ndipo kwaya inkaimba nyimboyo akwati akamalowa m'tchalitchi. Tinabadwa anayi. Atatufe tinalandira zathu. Anatsala mlongo wanga, mzime wa m'nyumba mwathu, amene amasoka zovala pa Chimbiya.

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale. Nyimbo ndimazikonda, koma khosi langa ndi losamva, ndipo bambo anandiuza zimenezi mosabisa ndili mu Sitandade 4. Anandichotsa m'kwaya n'kundipatsa ntchito yonyamula ng'oma. Sindinawasungire chakukhosi, koma mwina n'chifukwa chake nditakula ndinalowera ku makina.

Kamakina kamene ndikufuna kunena pano ndinakapeza ku Dedza boma, m'sitolo ya bambo wina wachisilamu amene amagulitsa mawayilesi, matochi ndi katundu wamagetsi wogwiritsidwapo kale ntchito. Kanali pa shelufu ya pamwamba, fumbi lili mbuu. Kukula kwake ngati buku la nyimbo, kali ndi mabatani a labala khumi ndi awiri ndi tozungulitsa titatu tonga ta voliyumu pa wayilesi.

"Aphunzitsi, chinthu ichi chatha chaka chili pompano," anatero mwini sitoloyo akuchipukuta ndi mpango. "Ena akuti n'choyatsira magetsi a disiko, ena akuti n'chidole cha ana a azungu. Inu munapita kusukulu, tandiuzani."

Ndinali nditachionapo pa foni, m'manja mwa anyamata opanga nyimbo. Ndinawauza kuti dzina lake ndi sampula. Umajambula phokoso lililonse, n'kuliika pa batani, ndiye ukadina batanilo phokoso lija limalira. Tinaikamo mabatire. Ndinawapempha kuti alankhule chilichonse, iwo anati, "Takulandirani." Nditadina batani katatu motsatizana, sitolo yonse inamva kuti taku, taku, takulandirani. Anaseka mpaka kapu ya kumutu inagwa.

"Tengani, aphunzitsi," anatero. "Chichoke muno chisanayambe kundinena miseche."

Sampula yangayo inali ndi umphawi wake. Inkatha kutulutsa mawu anayi okha nthawi imodzi. Ukadina batani lachisanu, loyamba lija linkangoti zii. Mabatani khumi ndi awiriwo anali ndi masamba anayi, kutanthauza kuti ukatembenuza tsamba, mabatani omwewo amakhala ndi mawu ena. Koma malo osungira anali ochepa, ndipo ankadzaza masambawo asanathe. Ndinavutika nazo miyezi ingapo mpaka ndinamvetsa ntchito ya batani lina lofiira la pakona, imene anyamata a m'tauni amati kurisampula. Ndi kujambula ndithu, kungoti ulendo uno makina samvera za panja, amadzimvera okha. Umadina mabatani atatu kapena anayi pamodzi, makina n'kujambula zonsezo kukhala liwu limodzi pa batani limodzi. Ukatero, ena aja wawamasula: ungafufute zimene zinalipo n'kuikapo zatsopano. Liwu lophatikizalo ungalikweze, ungalitsitse, ungalitembenuze kuti lizilira chobwerera, kenako n'kulijambulanso kachiwiri kapena kachitatu.

Apa ndiye ndinapenga nazo. Ndinajambula thumba la mbatatesi likugwa pa njinga, ndinalitsitsa, ndinalijambulanso, linasanduka ng'oma yaikulu. Belu la pasukulu pathu ndi chitsulo cha gudumu la lole chopachika pa mtengo. Nditalitembenuza n'kuliphatikiza ndi mpweya wa pampu ya njinga, linkamveka ngati ogani ya ku misheni. Ndinaphunziranso chinthu chimodzi: zimene waphatikiza sizilekanitsikanso. Ukasakaniza nyemba ndi mchenga ungathe kusankha, koma izi zili ngati madzi a mitsinje iwiri.

Pa tsiku la Khirisimasi, titachokera ku Misa, tinakhala pakhonde kwa makolo. Apo n'kuti ankhoswe atagwirizana kale kuti ukwati wa mlongo wanga ndi mnyamata wa ku Lobi udzakhale mu Ogasiti. Bambo anakonza kukhosi n'kunena kuti nyimbo ya mzime wawo aiyamba. Ine ndinatulutsa sampula m'chikwama.

"Bwezera m'thumba chimenecho," anatero. "Nyimbo imasungidwa m'makosi mwa anthu, osati m'bokosi."

Mlongo wanga ndi amene anawanyengerera. Kwa iye bambo sankadziwa kukana. Anakhala tsonga, anayang'ana maikolofoni ngati akuyang'ana galu wachilendo, n'kufunsa kuti, "Wayatsa?" Nditavomera anati, "Chabwino," ndipo anaimba kamodzi kokha, ndime imodzi ndi kolasi, chigawo cha sopulano chokha. Mawu oyamba anali akuti, "Nyamuka mwanawe, kunja kwacha, kumene upitako ukafese mtendere." Pakati pa nyimbo tambala analira kuseri kwa khitchini. Ndinaika zonsezo pa batani loyamba la tsamba loyamba.

Mu Febuluwale bambo anagwa m'munda wa nyemba, mmawa dzuwa litangokwera. Anthu anawanyamula pa ngolo mpaka kumsewu, kenako pa galimoto mpaka kuchipatala. Anati ndi sitiroko. Anakhalako masabata atatu. Pobwera, dzanja ndi mwendo wa kumanja zinali zitafa, pakamwa patapendekera, ndipo mawu onse a m'dziko muno anali atawathawa kupatula awiri: eya ndi ayi. Ngakhale awiriwo nthawi zina ankasinthana malo, moti amayi ankayang'ana maso osati kumvera pakamwa. Tinaganiza zosuntha ukwati. Titawafunsa, anati ayi, ndipo maso anatinso ayi.

Pasaka itapita, mlongo wanga anabwera kunyumba kwanga kusukulu. Anakhala pa mkeka ndi mlamu wake, mkazi wanga, anacheza za nsalu za operekeza, kenako anatembenukira kwa ine.

"Achimwene, nyimbo yanga ija muli nayo."

"Ndili ndi sopulano yokha," ndinatero. "Zigawo zinazo zinatsalira m'mutu mwa bambo."

"Nanga makina anuwo ntchito yake n'chiyani? Kujambula mbatatesi basi?"

Ndinapita kukaonana ndi mayi amene anatsala akutsogolera kwaya, amene kwa zaka zambiri anali wachiwiri kwa bambo. Ananena zoona zake. Kupeka sadziwa, koma makutu ali nawo. Ndikawabweretsera zigawo zinayi zomveka bwino, kwaya idzaphunzira pomvera, monga inkachitira kale.

Ndikanatha kuziimba ndekha zigawozo, koma ndanena kale za khosi langa. Choncho ndinaganiza zopanga kwaya yonse kuchokera pa liwu la bambo. Kunena n'kosavuta. Pa sampula yanga, liwu ukalitsitsa limayendanso pang'onopang'ono, ukalikweza limathamanga. Kuti alito iyendere limodzi ndi sopulano, ndinkayenera kudula mzere uliwonse m'tizidutswa: nya, mu, ka, mwa, na, we. Kachidutswa kalikonse ndinkakakopera pa batani lakelake, n'kukatsitsa masitepe atatu kapena anayi malinga ndi mmene khutu landiuzira. Mabatani akadzaza, ndinkaimba mzerewo ndi zala, makina akudzijambula okha, mpaka ukhale pa batani limodzi. Kenako kufufuta tizidutswa tija n'kuyamba mzere wachiwiri. Mizere yonse ikatha, kuiphatikizanso kuti alito yathunthu ikhale pa batani limodzi. Tenala chimodzimodzi. Besi chimodzimodzi.

Ntchitoyi ndinkaigwira masana ana akaweruka, batire ya sola ikadali ndi moto. Unali mwezi wa Juni, kenako Julaye, ndipo amene anakhalako kuno kumapiri akudziwa mmene kumazizirira. Ndinkakhala pa tebulo nditafunda bulangeti, mbaula ili kumapazi, mahedifoni m'makutu. Masabata asanu ndi limodzi ndinakhala ndi bambo m'makutu mwanga, bambo woonda wa tenala, bambo wonenepa wa besi, onse akuimba pamodzi ndi bambo weniweni wa pa batani loyamba. Loweruka ndikapita kumudzi ndinkapeza munthu wachete pa mpando wandalema, amayi akumupukuta malovu. Sindinawauze zimene ndinkachita. Ndinkaopa kuti aziona ngati ndikuseweretsa liwu la munthu wodwala.

Tsoka linagwa Lachitatu lina mu Julaye. Kunja kunali nkhungu yoti sungaone mpira wa ana pabwalo, ndipo zala zanga zinali zitauma. Ndinkafuna kuphatikiza alito, tenala ndi besi pa batani limodzi, ndi kamkokomo pang'ono konga ka m'tchalitchi, kuti ndipeze malo oikapo ng'oma. Ukadina batani lofiira, makina amafunsa kuti aike pati. M'mutu mwanga ndinali pa tsamba lachitatu, pamene batani loyamba linali lopanda kanthu. Chonsecho ndinali pa tsamba loyamba. Kagalasi ka pamwamba kanalemba funso m'Chingerezi, funso limene ndinali nditaliyankha kambirimbiri pofufuta tizidutswa, ndipo chala chinavomera mutu usanawerenge.

Nditamaliza, ndinadina batani loyamba kuti ndimve sopulano. Kunatuluka zigawo zitatu zija, zokoma ndithu, zili ndi mkokomo wake, koma zopanda mutu. Ndinadinanso. Ndinazimitsa makina, ndinachotsa mabatire, ndinawabwezera, ndinayatsa. Zomwezo. Ndinatembenuza tsamba lachiwiri ndi lachitatu ndikudziwa kale kuti kulibe. Nyimbo yeniyeni ija, ndi kupuma kwawo pakati pa mizere, ndi tambala, ndi funso lija loti wayatsa, zonse zinali zitapita. Zotsala zinali zidutswa zimene ine ndinapinda ndi kusoka. M'banja mwathu monse munalibe wina amene anajambulapo bambo akulankhula kapena kuimba okha. Kuyambira Khirisimasi ndinkati ndidzakopera pa foni, mawa, mawa, mpaka mawa linandithera.

Ndinakhala pa tebulo paja mpaka makala a m'mbaula anasanduka phulusa. Mkazi wanga atafunsa, ndinati mutu ukundipweteka. Lachinayi ndinalemba masamu pa bolodi n'kulakwitsa, ana ndi amene anandikonza. Lachisanu mlongo wanga anaimba foni kufunsa mmene zikuyendera, ndipo ndinayankha kuti zikuyenda. Nditadula foni ndinachita manyazi ngati munthu amene waba m'nyumba mwa kwawo.

Loweruka ndinapalasa njinga kupita kumudzi. Sindinafike kunyumba, ndinatsikira kudimba chifukwa ndinkadziwa kuti amayi akukumba mbatatesi. Anandiona ndikadali patali, anaimika khasu n'kugwira m'chiuno. Chiyambire ntchito yanga amayi amanditchula kuti aphunzitsi, mwina mwaulemu mwina moseka, sindidziwa.

"Aphunzitsi, nkhope imeneyo bwanji? Kwagwanji?"

Ndinakhala pa mzere n'kufotokoza zonse, kuyambira pa pempho la mlongo wanga mpaka pa chala changa. Amayi anamvetsera osandidula. Nditatha anapuma mpweya wautali n'kukhala pansi pa thumba.

"Iwe," anatero, ndipo uphunzitsi wanga unathera pomwepo. "Wandidula mtima. Ndimayesa wabwera ndi uthenga wa maliro. Bambo ako ali pakhonde akuwothera dzuwa. Ndawasambitsa mmawa uno, adya phala mbale yonse. Ndiye iwe ukulira liwu la m'bokosi mwini wake ali moyo?"

"Koma nyimbo ija, amayi. Sopulano yapita."

"Yapita kuti? Munthu anaiimba mwezi wathunthu m'nyumba muja, posamba, pometa, popita kumunda, mpaka inandikwana. Ukuyesa ine ndilibe makutu?"

Anadzuka, anatenga khasu, ndipo akukumba anaimba nyimbo yonse, ndime ndi kolasi, osaphonya. Anaimbanso ndime yachiwiri imene ine ndinali ndisanaimvepo. Ndinamva ngati wina wanditula mtolo wa nkhuni umene ndinausenza kuyambira Lachitatu. Ndinatola mbatatesi n'kumaika m'thumba, misozi ikugwera m'dothi, ndipo amayi anachita ngati sakuona.

Tikukwera mtunda kubwerera kunyumba, thumba lili pa njinga, anafunsa chapansipansi osandiyang'ana.

"Paja poyamba penipeni ananena kuti chiyani, asanayambe kuimba?"

"Anati, wayatsa."

"Eya. Wayatsa." Anayenda pang'ono. "Kameneko ndikanakonda nditakamvanso."

Ndinakankha njinga. Tinakwera mtunda wonsewo mpaka kunyumba.

Tinagwirizana kuti Loweruka lotsatira ndidzajambule amayi. Choncho Lamulungu masana, titachokera kutchalitchi, ndinakhala pansi kuti ndisese m'makina, ndifufute zakale ndipeze malo. Ndinayamba tsamba lachiwiri, kenako lachitatu. Lachinayi sindinkafikako chifukwa malo ankatha ndisanalifune, koma tsikulo ndinalitsegula. Batani lomaliza, la pakona ya pansi, linali loyaka, kusonyeza kuti pali kanthu. Nditalidina kunatuluka kubuula kwakukulu, kozama, konga kwa ng'ombe yamphongo ili m'khola la patali. Chala chinali kale panjira yokafufuta. Koma kubuulako sikunathe msanga, kunkangopitirira, kukwera ndi kutsika, ndipo pakati pake panamveka chinthu china chonga lipenga lakutha.

Ameneyo anali tambala.

Ndinakumbukira. Tsiku la Khirisimasi lija, bambo atangomaliza kuimba, ndinafuna kuonetsa anthu nzeru za makina anga. Ndinatsitsa liwu lawo masitepe khumi ndi awiri, n'kulijambulanso lonse lathunthu pa batani lakutali kuti lisasokoneze. Nditaliliza, anthu anaseka, koma bambo sanaseke. Anati ndawasandutsa ng'ombe pa tsiku la kubadwa kwa Ambuye. Ndinazimitsa mwamanyazi n'kuiwala. Chinthu chimenechi, chotalika kawiri kuposa nyimbo yeniyeni, n'chimene chinkandidyera malo miyezi yonseyi ine n'kumatukwana makina.

Ndinaimirira, ndinazungulira tebulo, ndinakhalanso. Ngati kutsitsa masitepe khumi ndi awiri kunawasandutsa ng'ombe, kukweza masitepe omwewo kuyenera kuwabweza. Ndinazungulitsa pang'onopang'ono ndikuwerenga mokweza ngati mwana wa Sitandade 1. Ndisanadine batani lofiira ndinayang'ana tsamba katatu, ndipo ndinaitana mkazi wanga kuti nayenso awerenge nambala ya pa kagalasi. Funso la Chingerezi lija silinabwere n'komwe, chifukwa batani limene ndinasankha linalidi lopanda kanthu. Makina anadzijambula. Ndinachotsa mahedifoni, ndinalumikiza sipika, ndinadina.

"Wayatsa? Chabwino."

Mkazi wanga anagwira pakamwa. Liwu silinali loyera ngati poyamba. Linali ndi kamchenga, ngati wayilesi ya mabatire ofooka, chifukwa linali litadutsa m'makina kawiri. Koma anali iwo, kupuma kwawo konse kulipo. Ndisanachite china chilichonse ndinajambula pa foni yanga, pa foni ya mkazi wanga, kenako ndinakwera pa chulu cha kuseri kwa sukulu pamene timapezera netiweki, n'kutumiza kwa abale anga onse atatu. Mlongo wanga anayankha kuti, "Imeneyi ndikuidziwa, achimwene. Zigawo zina zija zili kuti?" Sanadziwe kuti inasowapo, ndipo ndinamuuza ukwati utapita.

Panatsala chinthu chimodzi chimene ndinkachizengereza. Amayi ananena kuti nyimbo singapite kukwaya mwini wake asanaimve. Loweruka tinasonkhana pakhonde, ine, amayi ndi mlongo wanga, bambo ali pa mpando wawo, bulangeti lili m'miyendo. Ndinagwada pambali pawo.

"Bambo, ndabwera ndi nyimbo yanu ija. Ndayesa kuikamo zigawo zina. Mukapanda kuikonda tiisiya."

Anayang'ana bokosi, anayang'ana ine. Sananene eya kapena ayi.

Ndinayamba ndi sopulano yokha. Liwu lawo litamveka likufunsa ngati ndayatsa, amayi anawerama n'kumakonza chitenje chimene chinali chokonzeka kale. Bambo anatembenuzira nkhope kuphiri, ndipo dzanja lawo lamoyo linagwira mwamphamvu mkono wa mpando mpaka nyimbo inatha. Ndinadikira. Sanandiletse. Ndiye ndinadina zigawo zonse zinayi.

Mzere woyamba unadutsa. Pa mzere wachiwiri, pamene pali mawu akuti kumene upitako, chikhatho chinagwa pa mpando kuti pha!

"Ayi."

Ndinaimitsa. Ndinayambanso, ndipo pa malo omwewo chikhatho chinagwanso.

"Ayi! Ayi!"

"Zimitsani, achimwene," anatero mlongo wanga, misozi ili m'maso. "Mukuwakhumudwitsa."

"Dikirani," anatero amayi. Iwo ankayang'ana maso. "Nkhope iyi ndikuidziwa ine. Sakulira awa. Akukana alito."

Poti chigawo chilichonse chinali chikadali pa batani lake, ndinachotsa zina n'kusiya sopulano ndi alito. Titafika pa malo aja, bambo anakweza chala, anakoka mpweya, ndipo kuchokera pakamwa popendekera paja panatuluka nyimbo. Osati kung'ung'udza chabe. Anaimba ndi mawu ake: kumene upitako ukafese mtendere. Liwu linali lolemera, lilime likukokera mbali imodzi, koma pamene ine ndinatsitsa alito iwo anaikweza, n'kuigwira pamwamba pomwepo mpaka mzere unatha. Inali miyezi isanu chimvereni mawu ena kupatula awiri aja.

Tonse tinawayang'ana modabwa. Bambo nawo anaoneka odabwa, ngati munthu amene wapeza khomo m'chipupa cha nyumba yake yomwe.

"Jambula, iwe!" anakuwa amayi. "Ukuyang'ana chiyani?"

Ndinatola maikolofoni mwachangu moti inagwa kawiri. Ndinaliza sopulano, iwo anaimba alito kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Atatha, mlongo wanga anagwada n'kuwagwira bondo.

"Bambo, tanenani dzina langa."

Anayesa. Milomo inagwedera, khosi linalimba, koma kunangotuluka eya. Anayesanso, n'kumenya mpando mokwiya. Kulankhula kunali kusanabwerere. Chimene chinatseguka ndi kuimba kokha. Pambuyo pake mayi wina wa kuchipatala amene ankawaongola miyendo anatiuza kuti zimachitika ndithu, kuti nyimbo ndi kulankhula siziyenda njira imodzi m'mutu mwa munthu, ndipo anatilimbikitsa kuti tiziimba nawo tsiku lililonse. Koma tsikulo sitinkadziwa zimenezo. Mlongo wanga analira pang'ono, kenako anayamba yekha sopulano, ndipo bambo anamulowa pansi ndi alito.

Masabata atatu otsatira, sukulu zitatsekera, ndinkapita kumudzi pafupifupi tsiku lililonse. Ntchito yanga ya masabata asanu ndi limodzi anaigwetsa pafupifupi yonse. Alito yanga inapita. Tenala anaikana kuyambira pakati mpaka kumapeto. Besi yokha ndi imene anaimvetsera yonse, mutu uli pambali, n'kunena kuti eya, ndipo ndinayang'ana amayi kuti anditsimikizire kuti ndi eya weniweni. Anagwedeza mutu. Chikhalire, aka kanali koyamba kuti bambo avomereze chinthu changa cha nyimbo.

Ankatopa msanga, choncho tinkajambula mzere umodzi kapena iwiri patsiku. Pena mpweya unkawathera pakati pa mzere. Apa ndi pamene kurisampula kunagwira ntchito yake yeniyeni. Ndinkatenga theka labwino la lero ndi theka labwino la dzulo, n'kuziliza motsatizana, makina n'kuzisoka kukhala mzere umodzi. Ndime yachiwiri inaimbidwa ndi amayi, atakana kwa masiku awiri. Pomaliza ndinaphatikiza zonse pa batani limodzi: bambo a pa Khirisimasi pamwamba ndi kamchenga kawo, bambo a mu Ogasiti pa alito ndi tenala, besi yanga yosoka pansi, ndi thumba la mbatatesi lija likugunda ngati ng'oma. Ndinawalizira bambo. Anamvetsera mpaka kumapeto, chikhatho chikugunda mpando, osati mokana koma mowerenga.

Kwaya inaphunzira m'masabata awiri. Ndinkaika sipika pa benchi ya kutsogolo n'kuliza chigawo chimodzi chimodzi. Tsiku loyamba amayi ena a alito analephera kuimba atamva liwu la mphunzitsi wawo likukoka lilime, ndipo mtsogoleri wawo anawapatsa nthawi yopukuta m'maso, kenako anati tiyeni, nthawi ikutha.

Ukwati unachitika Loweruka la mphepo, fumbi likuuluka pabwalo la tchalitchi. Bambo tinawakweza pa ngolo ndi mpando wawo womwe, atavala jekete imene mlongo wanga anaichepetsa chifukwa anali ataonda. Sampula sinalire m'tchalitchi, inakhala m'chikwama changa pansi pa benchi. Amene anaimba ndi anthu. Akwati atafika pakhomo, kwaya inayamba, ndipo ine sindinayang'ane mkwatibwi kapena mkwati. Ndinkayang'ana dzanja lamanzere la bambo, ndikudikira kuti ligwe pa mpando. Alito itakwera pa mzere wachiwiri, dzanja linakwera nayo limodzi n'kukhala m'mwamba. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti malaya anga anyowa ndi thukuta m'kuzizira konse kuja.

Lolemba lake ndinabwerera kumudzi kukathandiza kubweza mabenchi ndi miphika imene tinabwereka. Ndinapeza amayi akutuluka m'nyumba ndi kapu m'manja, nkhope ili pakati pa kukwiya ndi kuseka.

"Aphunzitsi, bambo anu ayamba zina," anatero. "Ndawapatsa tiyi. Alawa, andiyang'ana, kenako ayamba kuimba pa chuni cha nyimbo ya Misa. Mukudziwa mawu ake? Tiyi wazizira."

"Anena okha?"

"Aimba, ndikutero. Kawiri konse. Miyezi isanu ndi umodzi munthu ali chete, ine kumusambitsa, kumudyetsa, ndiye mawu oyamba ondiuza ine n'akuti tiyi wazizira."

Anapukusa mutu, anapukuta diso ndi nsonga ya chitenje, n'kulowa m'khitchini kukasonkhezera moto.